Ukafa, Utenga Wantchito Wako

Mayi Ardith Zastrow ali ndi zaka 68. Anapuma pa ntchito yoyendetsa basi ya ana a sukulu m'tauni ya Wausau, ndipo ndiwo mwini nkhani pa masewero a Loweruka masana, m'chipinda chapansi pa nyumba yawo.

Masewerowo ndi aja a madayisi ndi mapepala. Aliyense wokhala patebulo amakhala ndi munthu wake wa papepala: wina msilikali, wina sing'anga, wina mbala. Papepalapo pamalembedwa mphamvu zake, zida zake, ndi moyo umene wamutsalira. Mwini nkhani amanena zomwe anthuwo akuona m'dziko lopekalo, osewera amanena zomwe anthu awo achite, ndipo pakakhala chikayiko dayisi ndiyo imaweruza. Nkhani yake siitha tsiku limodzi. Ya a Ardith inayamba mwana wawo Kurt ali wakhanda. Lero Kurt ali ndi dazi, nkhani ikupitirirabe.

Masewerowa anawadziwira kwa mlongo wawo, amene anabwera nawo m'kabokosi pochokera ku usilikali. Mlongoyo anatopa nawo msanga. A Ardith anawerenga malamulo ake onse ali m'basi, podikira ana kuti aweruke, n'kuona kuti ntchito yake ndi yomwe ankaidziwa kale: kukhala kutsogolo, kudziwa njira, ndi kusalola phokoso la kumbuyo kuwongolera chiwongolero.

Eni nkhani ambiri amaponyera dayisi kuseri kwa chikatoni, kuti ikagwa moipa aname pang'ono munthu asafe. A Ardith amaponyera pakati pa tebulo, m'mbale yachitsulo yophikira keke yotchedwa payi, aliyense akuona. Amati basi inawaphunzitsa zimenezi. Ukalola mwana mmodzi kuimirira pampando chifukwa akulira, mawa basi yonse ili chilili.

Lamulo lawo lalikulu linabwera chifukwa cha mwamuna wina dzina lake Duane, amene ankasewera nawo zaka zoyambirira. Msilikali wa Duane anadyedwa ndi chilombo. Loweruka lotsatira Duane anabwera ndi pepala lomwelo, atangofufuta dzina n'kulembapo lina. Ati ndi mapasa. Ameneyonso atafa, kunatulukira wachitatu.

"Kodi mayi awo anabereka angati?" anafunsa a Ardith.

"Ndi banja lalikulu," anatero Duane.

"Lathera pompa."

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zinayenda chonchi. Gulu loyenda m'tchire ndi m'mabwinja limalemba antchito: wonyamula katundu, wophika, woyendetsa bulu. Wosewera aliyense amakhala ndi wantchito wake mmodzi, ndipo masiku onse amene amalankhulira antchitowo ndi mwini nkhani. Koma munthu wako akafa, wafa basi. Palibe mankhwala, palibe mapasa. Umatenga pepala la wantchito wako monga lililimo, n'kupitiriza ndi iyeyo. Pepala la wakufa limalowa m'chitini cha khofi chomwe chili pashelefu, koma mtembo uyambe waikidwa m'manda m'nkhanimo, ndipo woliponya m'chitini ndi mwini wake, ndi dzanja lake.

Duane anachoka. Otsala anaphunzira msanga. A Lorraine Pawlak, namwino wopuma pa ntchito, ali ndi sing'anga amene anayamba ngati wophika. Tou Vang, wopereka makalata, ndiye wamng'ono pagululo ngakhale imvi zamuyamba. Wafapo kanayi, ndipo mbala yake ya lero inali yonyamula zingwe. Awiriwa amasamala antchito awo ngati mbewu. Amawagulira malaya achitsulo, amawaphunzitsa lupanga, nkhondo ikabuka amawabisa kumbuyo.

A Norbert Zastrow okha ndiwo sanaphunzire, chifukwa anali asanafepo.

A Norbert ndi mng'ono wa a Elroy, amuna awo a Ardith. Anagwira ntchito kufakitale ya mapepala mpaka kupuma. Kunja kuno ndi munthu wabwino kwabasi: chipale chofewa chikagwa m'nyengo yozizira amayamba kukokolola pakhomo pa amayi amasiye a mumsewu wawo asanakhudze pakhomo pawo. Patebulo ndiye nkhani ina. Msilikali wawo, Brandulf wa nkhwangwa yaikulu, anakhala zaka zoposa makumi atatu osafa, ndipo nzeru yake inali imodzi yokha: Wenzel, woyendetsa bulu.

Pakakhala chitseko chokayikitsa, "Wenzel atsegule." Mlatho wowola, "Wenzel ayambe kuwoloka." Madzi achilendo, "Wenzel alawe." Muvi wa mumsampha unamuchotsa diso. Chitseko chachitsulo chinamudula zala zitatu za kudzanja lamanja. Mwendo unathyokera m'dzenje n'kupola mokhota, chifukwa Brandulf anakana kuononga mankhwala pa munthu wa bulu. Malaya achitsulo sanawavalepo. Ankagona panja ndi bulu wake. Kufa sanafe, madayisi ankamukonda mwa njira yawoyawo, ndipo kuthawa sakanathawa popeza analumbira kutumikira mpaka imfa ya mbuye wake.

"A Norbert, nyumba mukuibowolayi ndi yomwe mudzagonemo," a Lorraine ankatero kawirikawiri.

"Brandulf safa, amayi. Ine ndimasewera ndi mutu."

A Ardith anachenjeza kamodzi, kalekale: "Alamu, wa buluyu mudzamutenga momwe mukumusiyiramo." Sanabwerezenso. Sabwereza mawu.

Zinachitika mu Januwale, Loweruka lozizira mpaka galimoto kukana kulira. A Elroy anali kunyanja, kukawedza pabowo loboola pa ayezi, madzi ataundana. Iwo sasewera, amati ndi homuweki ya anthu akuluakulu. Patebulo panali tchizi, soseji ndi khofi. M'nkhanimo gulu linali litafika pamudzi wa bwinja. Pansi pa chitsime chouma cha pamudzipo panali bokosi lopanikizidwa ndi chimwala. Mimbulu inali itazinga mpanda, ndipo sing'anga wa a Lorraine ndi mbala ya Tou anali pachipata kuitchinga, antchito awo ali kumbuyo kwawo kuwapatsira mivi.

"Wenzel atsike," anatero a Norbert.

Brandulf anamumanga Wenzel chingwe m'chiuno n'kumutsitsa. Wenzel anakankha chimwalacho, koma sichinasunthe. Brandulf anamukoka n'kumutulutsa.

"Chikufuna munthu wamphamvu," anatero a Ardith.

"Dikirani tithane ndi mimbulu, madala, tidzakugwirireni chingwe," anatero Tou.

"Kuti mbala yako ikafike pabokosi poyamba? Ndakudziwa iwe. Brandulf atsika pompano. Wenzel agwire chingwe."

A Ardith anaika kapu pansi. "Alamu, ndinene momveka. Mtanda wa chitsime unawola, pomangirira palibe. Bulu akunjenjemera ndi fungo la mimbulu, sangaime. Chingwe chikugwiridwa ndi munthu wa zala ziwiri. Brandulf ndi zitsulo zake akulemera ngati ng'ombe, ndipo mimbulu yamuluma kale m'mawa. Dayisi ikapanda kufika pa khumi ndi ziwiri, chingwe chapulumuka. Mukutsikabe?"

"Ndikutsika."

A Ardith anatenga dayisi ya mbali makumi awiri n'kuiponya m'mbale. Inazungulira, inagunda m'mphepete, inaima. Zinayi. Kenaka anatola madayisi ang'onoang'ono odzaza dzanja, oyesera kukula kwa ngozi, n'kuwakhuthulira momwemo. Onse anawerenga okha. Nambala yake inaposa moyo umene Brandulf anatsala nawo.



"Dayisi ija inatsamira," anatero a Norbert.

Tou anawerama kuyang'ana, chifukwa inali ikadali pomwepo. "Yakhala bwinobwino, madala. Ndi folo."

"Wakufunsa ndani?"

"Brandulf wafa, alamu," anatero a Ardith.

A Norbert anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Ali ndi mwana. Brandulf ali ndi mwana wamwamuna kumpoto, msilikali ngati bambo wake."

"Zaka zonsezi sitinamumvepo."

"Sankakonda kukamba za kunyumba."

A Lorraine anaphulika kuseka, kenaka anaona nkhope ya a Norbert n'kudzigwira pakamwa. A Ardith anatulutsa pepala la Wenzel m'chikwama n'kulikankhira kutsidya kwa tebulo. A Norbert analiwerenga osalikhudza.

"Ichi n'chiyani? Munthu uyu ndi bwinja."

"Analigumula ndani?"

A Norbert anapinda pepala la Brandulf n'kuliika m'thumba la malaya. Anatenga jekete, chipewa, ndi katsamiro kawo ka pampando komwe sikanachokepo m'chipindamo kwa zaka.

"Mukaganiza bwino mundiimbire foni," anatero ali pamasitepe.

"Loweruka, wani koloko," anayankha a Ardith.

Mwa anthu amene anakhala patebulo loyamba, anatsala ndi a Norbert okha. Ena anasamuka, ena anatopa, awiri anamwalira. A Ardith anaona bwinobwino kumene nkhaniyi ikulowera: ataya lamulo kapena ataya alamu awo. Anatsuka makapu n'kupinda mapu.

Oyamba kupempha anali a Elroy, patapita masiku angapo, pa chakudya chamadzulo.

"Mpatseni kamwanako, mayi a Kurt. Vuto n'chiyani? Ndi pepala basi."

"Ngati ndi pepala basi, akulirira chiyani?"

"Ine ndi amene ndikuvutika. Zaka zonsezi tikakhala pa ayezi amandibowa ndi za Brandulf, nsomba kuthawa. Dzulo tsiku lonse anangoti duu, kuyang'ana m'dzenje. Ndiye ndazindikira kuti kubowa kuja kunali bwino."

"Mpando wake ulipo."

"Inu ndi mutu wanu wouma."

"Munaukwatira mukuudziwa. Ndipatsireni mbatata."

Lachisanu, kuholo ya tchalitchi kumene amakazinga nsomba, a Lorraine anawakokera a Ardith pambali ali ndi mbale m'manja.

"Asisi, tiyeni tinene zoona. Munthuyu ali ndi zaka 71. Kuti wa buluyo adzafike pomwe panali Brandulf, ife tonse tidzakhala tili m'chitini."

"Ndiye aliyense akakalamba asiye kufa?"

"Sindikutero. Ndikuti kamodzi kokha."

"Inu wanu woyamba atamira mumtsinje muja, ndinakubwezerani?"

"Ayi. Ndinakudani mwezi wathunthu."

"Lero wophika wanuyo mungamusinthe ndi wina?"

A Lorraine anatafuna nsomba kaye. "Ameneyo musamukhudze."

Tou nayenso analankhulapo pobweretsa makalata, ataima pakhonde chipale chili m'maondo. "Mayi, ndamva kuti akukupemphani. Mukawabwezera madala aja palibe vuto, ine ndikondwera. Kungoti ndili ndi anayi m'chitinimo. Ndiyambira wachiwiri uja, ndinkamukonda." Ananena akuseka, koma a Ardith anamva chomwe chinali pansi pa kusekako.

A Ardith foni sanaimbe. Anapita okha. Anawapeza a Norbert m'garaja, atagwada pambali pa makina okokolera chipale, sipanala ili m'manja.

"Mwaganiza bwino?" anafunsa a Norbert osatembenuka.

"Ndabwera kudzakuuzani zomwe zichitike, kuti musadzati sindinanene. Lumbiro la Wenzel latha, mbuye wake wafa. Mukapanda kumutenga inu, ndimuyendetsa ndine, ndipo ndimuyendetsa monga alili. Munthu amene wachitidwa zimene wachitidwa uja, mukuganiza atani? Agulitsa bulu, akwera ngolo, apita kwawo. Akatuluka m'nkhani, inu mulibenso khomo lolowera. Ndipo Brandulf akhala m'chitsime momwemo."

"Mukundiopseza, alamu?"

"Ndikukuuzani nthawi ya basi."

A Norbert anaponya sipanala m'bokosi. "Anamupha ndi iyeyo! Anataya chingwe. Ndiye mukufuna ine ndilowe m'khungu la munthu amene anapha Brandulf?"

"Zala zitatu zija zikanakhalapo, folo uja akanakwana."

A Norbert anatolanso sipanala n'kutembenukira kumakina.

"Chitseko chija ndimachikumbukira," anapitiriza a Ardith. "A Lorraine anati tichikankhe ndi mtengo. Inu munati mtengo uchedwetsa."

"Zaka makumi atatu, Ardith. Brandulf ndinamulemba papepala Joanne ali moyo. Dzina anasankha ndi iyeyo."

Joanne anali mkazi wa a Norbert. A Ardith anamudziwa bwino, anamunyamulira maluwa pa ukwati.

"Ndikudziwa," anatero. "N'chifukwa chake sayenera kuwolera m'chitsime. Lamba wa makinawo mwamuika chagada."

Anatuluka. Analiza galimoto n'kupita kusitolo kukagula tchizi wa Loweruka, ndi mpiru wowawa wa m'botolo, wopaka pasoseji, amene amadya a Norbert okha.

Loweruka a Norbert sanabwere. A Ardith anaika mpando wawo pamalo pake, botolo la mpiru patsogolo pake, n'kuyamba wani koloko yeniyeni. M'nkhanimo mimbulu inathawa, gulu linabwerera kumudzi wina umene uli ndi nyumba ya alendo. Kumeneko Wenzel anaima pabwalo ndi bulu wake n'kuyamba kuitanira malonda.

Tou anayang'ana mpando wopanda munthu. "Mayi, ndigule?"

"Mbala yako ingatani?"

"Ingagule. Motchipa."

"Nanga ukufunsiranji?"

Bulu anapita kwa mbala posinthana ndi nsapato zachikopa ndi malo pangolo ya amalonda yonyamuka m'mawa mwake. A Lorraine anapukusa mutu. Wenzel anakagona m'nyumba ya alendo, pabedi, koyamba m'moyo wake wa m'nkhaniyo. A Ardith analekezera pomwepo. Sichinali chifundo. Faifi koloko inali itakwana, ndipo iwo amaweruka faifi koloko.

Madzulo ake anawafotokozera a Elroy zonse, kuyambira pa mimbulu mpaka pa nsapato, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranireni.

"Kodi mukundituma?" anafunsa a Elroy.

"Ndikukuuzani nkhani. Komwe mukaitaye ndi zanu."

"Ndiye Loweruka likubwerali wa buluyo akakwera ngolo, zatha?"

"Zatha."

"Ndipo mudzamukwezadi."

"Ndidzamukweza."

A Elroy anadzuka kukakonza mbedza za m'mawa.

Loweruka lotsatira, a Ardith akadali kudula tchizi, anamva nsapato zikupondaponda pakhonde kuchotsa chipale. A Norbert anatsika masitepe katsamiro kali m'khwapa. A Lorraine ndi Tou anali atakhala kale.

"Wagulitsa bulu wanga ndani?"

"Mwini wake," anatero a Ardith.

"Ndi nsapato! Bulu wathunthu kusinthanitsa ndi nsapato! Inu anthu mulibe manyazi?"

"Mpando wanu unali pomwepo, alamu. Sunatsutse."

A Norbert anaponya katsamiro pampando n'kukhala. Pepala la Wenzel linali pakati pa tebulo. Analikokera kwa iwo ndi chala chimodzi, ngati munthu wokoka mbale ya chakudya chomwe sachikonda.

"Wenzel sakwera ngolo," anatero.

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndanena ine."

"Chimenecho ndi chifukwa cha a Norbert. Ndikufuna cha Wenzel. Ali ndi nsapato zatsopano, ngolo ili pakhomo, kwawo kukumudikira. Abwererenji kuchitsime cha munthu amene anamuchotsa diso?"

A Norbert anayang'ana pepalalo. Linali lalifupi. Diso limodzi. Zala ziwiri kumanja. Kuthamanga sangathe. Chida: ndodo. Analiwerenga kawiri. Tou anatsegula pakamwa, a Lorraine anamuponda phazi.

"Akufuna akaone," anayamba a Norbert pang'onopang'ono, ndipo mawu awo anatuluka ena, osasa, otsika, osati aja okuwa a Brandulf. "Ndikufuna ndikaone ndi diso langa lotsalali kuti wafadi. Ndikamukwirire ndekha, ndiikepo chimwala chachikulu. Munthu ameneyu sindimukhulupirira. Angadzuke n'kundituma kanthu."

A Lorraine anaseka mpaka kutsokomola. Tou anamenya tebulo madayisi n'kudumpha.

"Chamveka," anatero a Ardith. "Ngolo yanyamuka yopanda iye. Mutani?"

Kutulutsa mtembo wovala zitsulo m'chitsime kunkafuna bulu, ndipo bulu anali wa mbala. Kutsikako kunkafunanso munthu wa miyendo yabwino, ndipo ameneyonso anali mbala yomweyo.

"Ndikubwerekani bulu, ndipo nditsika ndekha kukamanga chingwe," anatero Tou. "Koma nkhwangwa ija ndi yanga."

"Iwe mwana iwe! Ndinakuphunzitsa kugwira dayisi ndine!"

"Si ine, madala, ndi mbala. Ine ndimakulemekezani kwambiri."

"Nkhwangwa imeneyo Brandulf anailanda kwa mfumu ya pansi pa phiri, iwe uli kusekondale."

"N'chifukwa chake ndikuifuna."

A Norbert anatembenukira kwa a Ardith. A Ardith ankathira khofi. Kenaka a Norbert anatembenukira kwa a Lorraine.

"Musandiyang'ane ine," anatero a Lorraine. "Komanso nkhwangwayo mukanaigwira ndi chiyani? Ndi ya manja awiri."

A Norbert anayang'ananso papepala, pamene panalembedwa za zala. Anapumira m'mwamba. "Tenga. Ikakudule phazi."

Gulu linabwerera kubwinja kuja. Mbala inatsika, inamanga mtembo, inagwedeza chingwe. Chotsala chinali kuti bulu akoke mosadukiza, osadzidzimuka. A Ardith anakankhira mbale yachitsulo kwa a Norbert.

"Bulu akudziwa mawu a Wenzel. Mukufuna eyiti. Ponyani nokha, munthu ndi wanu."

A Norbert anatulutsa dayisi yawo yakale yobiriwira, yomwe manambala ake anafufutika mpaka kuwadetsanso ndi inki. Anaigwedeza m'manja nthawi yaitali kuposa masiku onse. Inagwa pa khumi ndi chimodzi.

"Bulu wayenda," anatero a Ardith. "Brandulf watuluka."

Anamuika pansi pa mtengo wa kuseri kwa mpanda. Wenzel anakumba yekha, tsiku lonse la m'nkhani, chifukwa a Norbert anakana thandizo. Mwambo wa patebulopo ndi woti aliyense anene mawu amodzi okha pa wakufa, ndipo akhale oona.

"Pankhondo sanathawepo," anatero a Lorraine.

"Anali ndi nkhwangwa yabwino," anatero Tou.

"Anakhalitsa," anatero a Ardith.

Onse anayang'ana a Norbert. Iwo anayankha ndi mawu osasa aja. "Ankalemera."

Kenaka anadzuka, anatsitsa chitini pashelefu, anatulutsa pepala m'thumba la malaya. Linali lofewa ngati nsalu, mopindamo momata ndi tepi, pangodya pali banga la khofi la zaka zambiri. Anaima nalo m'manja. A Ardith anapitiriza kudula tchizi osadzutsa mutu, a Lorraine anafunafuna kanthu m'chikwama, Tou anaunjika madayisi ake. Patapita kanthawi chivindikiro chinamveka kutsekeka.

"Dzuwa lalowa," anatero a Ardith a Norbert atangokhala pansi. "Kunja kukuzizira, ndipo nyumba yokhayo yofolera pamudzi pano ili ndi chitseko chachitsulo chotseka. Mutani?"

"Wenzel atsegule," anatero Tou.

"Tsegula wekha. Uli ndi zala zonse."

A Norbert anadzipakira mpiru pasoseji n'kufunsa ngati kumudzi wa nyumba ya alendo kuja kuli munthu wofuna ntchito.

Pokwera masitepe faifi koloko itakwana, a Norbert anaima pakati. "Alamu, mukanamukwezadi ngolo ija?"

"Ee."

"Ndinadziwa. Mulibe chisoni inu."

"Chipewa chanu mwasiya pampando."

A Elroy amati pa ayezi phokoso linabwerera. Tsopano amamva za bulu, za mwendo wokhota, ndi za kuipa mtima kwa mbala, ndipo nsomba zikuthawabe.

Papita nyengo yozizira inanso. Wenzel ali moyo, akutsimphinabe, ndipo bulu akadali wa mbala, amachita kubwereka. Wenzel analemba wantchito wake, mayi wophika dzina lake Trude. Trude amagona pafupi ndi moto, amayamba kudya ndiye, ndipo anavala malaya achitsulo Wenzel asanagule ake. Trude sanatsegulepo chitseko n'chimodzi chomwe. A Lorraine amati a Norbert akumulera udyo. Tebulo limakumanabe Loweruka wani koloko, ndipo m'chitini pepala la pamwamba likadali la Brandulf.